Kulowa mu pub ya m'dera ku Ireland: mafunso ndi mayankho

Amalawi ambiri amene ali ku Dublin, Cork, Galway, Limerick ndi m'matauni ang'onoang'ono a ku Ireland, kaya anapitira sukulu kaya ntchito yosamalira okalamba, amadutsa pakhomo pa pub tsiku ndi tsiku koma osalowamo. Ena amaopa mtengo. Ena ndi opemphera ndipo amaona ngati ndi malo a zidakwa. Enanso amangosowa poyambira. Mayankho ali m'munsimu akunena za Republic of Ireland. Kumpoto, ku Northern Ireland, ndalama ndi mapaundi ndipo malamulo ena ndi osiyana.

Kodi pub si bala basi?

Mowa umagulitsidwa ndithu, ndiye amene akuti ndi bala sakunama. Koma pub ya m'dera, imene eni ake amaitcha local, inakhalira macheza. Dziko lija ndi lamvula ndi mphepo, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko itangopitirira pang'ono. Palibe wokhala pakhonde kuti odutsa amupatse moni, ndipo anthu sangotulukira pakhomo pa mnzawo osapangana. Malo amene munthu angakumane ndi anansi ake popanda kuitanidwa ndi mu pub. Anthu akachoka kumanda amakathera komweko. Ubatizo wa mwana, msonkhano wa komiti ya mpira, kutsanzikana ndi mnyamata amene akupita ku Australia, zonsezo zimachitikira m'chipinda chimodzimodzicho.

M'midzi, pub kale inkakhalanso golosale. Ku Dingle, m'boma la Kerry, kuli Foxy John's, kumene mbali ina ya chipinda amagulitsa misomali ndi zipangizo zomangira, mbali ina mowa. Ku Fethard, m'boma la Tipperary, a McCarthy's ali ndi pub, malo odyera komanso ntchito yoika maliro. Maina ambiri amene mumaona pamwamba pa zitseko, monga Ryan's, Murphy's kapena O'Donoghue's, ndi a mabanja. Lamulo la mu 1872 linkafuna kuti dzina la mwini laisensi lilembedwe pakhomo, ndipo mwambowo unakhazikika. Nthawi zambiri dzinalo limatsala ngakhale banjalo litagulitsa malowo kalekale.

Ndingasiyanitse bwanji pub ya eni dera ndi ya alendo odzaona malo?

Imani pakhomo mumvetsere. Ngati mukumva mawu a anthu kuposa nyimbo, mwafika. Ngati pakhoma pali chithunzi cha timu ya m'deralo, chikalata cha maliro kapena kabokosi ka zopereka, mwafika. Koma pakakhala mnyamata panja wokukokerani mkati, mbendera paliponse, ndi woimba gitala pa maikolofoni masana dzuwa likuswa mtengo, amenewo ndi malo a alendo. Temple Bar, pakati pa Dublin, ndi dera lotero. Kuli chisangalalo ndithu, koma anthu a ku Dublin enieni sapitako kawirikawiri ndipo mitengo ndi yoboola m'thumba.

Ma pub ena amatchuka ndi ukalamba. The Brazen Head ku Dublin amati inayamba mu 1198, ndipo Sean's Bar ku Athlone amati ndi ya m'chaka cha 900. Pitani mukaone ngati mukufuna, koma ine ndingakutumizeni kwa John Kavanagh ku Glasnevin, pub ya mu 1833 imene ili pafupi ndi khoma la manda ndipo anthu amangoitcha Gravediggers. M'chipinda chake chakale mulibe TV, mulibe nyimbo. Kuposa pamenepo, ndingakutumizeni ku pub imene ili pafupi ndi pamene mumakwerera basi, imene ilibe mbiri iliyonse. Kumeneko ndi kumene nkhope yanu ingadziwike.

Dziwaninso kuti ma pub ambiri a chi Irish amene mungaone ku Johannesburg, Dubai kapena Berlin ndi ochita kukonza. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kampani ya Irish Pub Company yakhala ikupanga kauntala, mashelefu ndi zokongoletsa n'kumazitumiza kunja. Matabwa amafika bwinobwino. Chimene sichikwera sitima ndi achikulire atatu aja okhala pakona tsiku lililonse.

Ndipite nthawi yanji ulendo woyamba?

Masana kapena chakumadzulo, pakati pa sabata. Nthawi imeneyo barman amakhala ndi mpata woyankhula nanu. Lachisanu ndi Loweruka usiku ngakhale dzina lanu palibe amene angalimve.

Lamulo limalola pub kugulitsa mowa kuyambira 10:30 m'mawa mpaka 11:30 usiku Lolemba kufika Lachinayi, mpaka 12:30 usiku Lachisanu ndi Loweruka, ndipo Lamulungu kuyambira 12:30 masana mpaka 11:00 usiku. Si zonse zimene zimatsegula nthawi yonseyi. M'midzi zambiri zimatsegula madzulo okha, zina kumathero a sabata basi. Pa Khirisimasi zonse zimakhala zotseka. Lachisanu Loyera linalinso loletsedwa kuyambira 1927, koma chiletsocho chinachotsedwa mu 2018.

Ndikalowa, ndikhale pampando kudikira wodzandifunsa?

Mukatero mudzafa ndi ludzu. Zakumwa zimagulidwa pa kauntala, ndipo mumalipira pompo, ndi khadi kapena ndalama. Za ngongole iwalani.

Pa kauntala sipakhala mzere wooneka, koma barman amadziwa amene anafika poyamba. Imani pamene angakuoneni, muyang'aneni, akagwedeza mutu ndiye kuti wakuwerengani. Musamuimbire mluzu, musamuchitire "sss" monga timaitanira wogulitsa kwathu, musagogode pa kauntala, musakupize ndalama m'mwamba. Zimenezi kumeneko ndi mwano waukulu, ndipo mudzangoona anthu obwera pambuyo panu akulandira mowa inu muli chiimire. Akalakwitsa n'kuyamba kufunsa inu pamene pali wina amene anakutsogolerani, mulozereni kwa mnzanuyo. Kanthu kakang'ono kameneka anthu amakaona. Mawu akuti please ndi thanks asachoke pakamwa panu.

Barman wa pub ya m'dera si wantchito wongotumidwa. Kawirikawiri ndi mwini wake, kapena mwana wa mwini wake, kapena munthu amene wagwira pamenepo zaka zambirimbiri. Iye ndiye mfumu ya m'chipindamo. Akanena kuti mwakwana, mwakwana, ndipo lamulo lili kumbali yake chifukwa kugulitsa mowa kwa munthu woledzera ndi mlandu. Akakuletsani kulowanso, m'tauni yaing'ono nkhaniyo imafika ku ma pub ena inu musanafike.

Za mipando: mipando italiitali ya pa kauntala, makamaka ya pakona kapena pafupi ndi moto, ina ili ndi eni ake ngakhale palibe cholembedwa. Funsani ngati pali munthu musanakhale. Mukaona tambula ya mowa yovundikira ndi kapepala kolimba kaja koikapo tambula, mwini wake wangotuluka kukasuta, akubwera.

N'chifukwa chiyani barman wathira Guinness wanga osadzaza n'kumusiya?

Sanakuiwaleni, ndipo chonde musatambasule dzanja kukamutenga. Guinness amathiridwa kawiri. Poyamba barman amapendeketsa tambula n'kuthira mpaka itatsala pang'ono kudzaza, kenako amaiika pambali kuti mowa ukhazikike. Mukayang'anitsitsa mudzaona ngati thovu likutsika pansi m'malo mokwera, mtundu ukusintha kuchoka kotuwa kupita kwakuda. Ukadikha amabwera kudzadzazitsa. Kampaniyo imati ntchito yonseyi imatenga masekondi 119.5. Nambalayo ndi yotsatsira malonda, koma kudikirako ndi kwenikweni. Ngakhale akupatseni m'manja, dikirani kaye mpaka malire a pakati pa thovu loyera ndi mowa wakuda aoneke bwino.

Chimachititsa zonsezi ndi mpweya wa nitrogen, umene anayamba kuugwiritsa ntchito mu 1959. Timathovu take ndi tating'ono kwambiri kuposa ta mowa wamba, n'chifukwa chake thovu la pamwamba limakhala lolimba ndiponso losalala. Kuda kwake ndi kakuwawa kake zimachokera ku barele wokazinga. Anthu ambiri amaganiza kuti mowa wakuda chotere ndi waukali, koma Guinness wa pampopi ndi 4.2% yokha. Amene munalawapo wa m'botolo wogulitsidwa m'maiko a mu Africa, Foreign Extra Stout, munamwa chinthu china. Wa ku Nigeria amafika 7.5%.

Mowawu umafululidwa ku St James's Gate mu Dublin, pamalo amene Arthur Guinness anachita lendi mu 1759 kwa zaka 9,000 pa mtengo wa mapaundi 45 pachaka. Anthu a ku Ireland amakangana mosatopa za pub imene imathira painti (tambula yaikulu ya mowa) yabwino. Amati zimadalira ukhondo wa mapaipi, kutalika kwake kuchokera pa mgolo, ndi kuchuluka kwa omwa, poti mowa wokhalitsa m'paipi sukoma. Pa mfundo yomalizayi ndikugwirizana nawo: pitani kumene achikulire ambiri agwira tambula zakuda.

Mukamagulira gulu, tchulani Guinness poyamba kuti azikhazikika pamene barman akukonza zinazo. Kumutchula pomaliza kumakwiyitsa onse amene ali pambuyo panu.

Nanga ngati Guinness sakundikomera?

Palibe mlandu. Ku Cork anthu ambiri amamwa Murphy's kapena Beamish, mowa wakuda wa kwawo komweko, ndipo amaunyadira. Smithwick's wa ku Kilkenny ndi wofiirira, wosawawa kwambiri. Bulmers ndi cider wa maapozi wochokera ku Clonmel, amene kunja kwa dzikolo amatchedwa Magners. Carlsberg, amene ife tinamuzolowera chifukwa cha fakitale ya ku Blantyre ya mu 1968, aliponso pampopi m'ma pub ambiri, pamodzi ndi Heineken.

Painti ndi mamililita 568. Mukafuna theka lake nenani kuti a glass. Whiskey wotchuka ndi Jameson, Powers ndi Bushmills, ndipo muyezo wake ndi mamililita 35.5, wokulirapo kuposa wa ku England. M'nyengo yozizira yesani hot whiskey, wothira madzi otentha, shuga, ndimu ndi ma clove. Agogo a kumeneko amamutenga ngati mankhwala a chimfine.

Pali zakumwa ziwiri zimene ku America amazitchula mosaganiza koma ku Ireland musaziitanitse: Black and Tan ndi Irish Car Bomb. Dzina loyambalo ndi la gulu la apolisi a Britain amene anachita nkhanza zoopsa mu 1920 ndi 1921. Lachiwirilo likunena za mabomba amene anapha anthu, ndipo abale awo alipobe.

Ine sindimwa mowa. Ndikatani kumeneko?

Mukacheze. Pafupifupi pub iliyonse imagulitsa tiyi ndi khofi, makamaka masana. Pali Club Orange, pali rock shandy amene ndi kusakaniza cha malalanje ndi cha mandimu, pali MiWadi wothira madzi amene ndi wotchipa kuposa zonse. Mowa wopanda ukali, monga Guinness 0.0, wafala kwambiri zaka zapitazi, ndipo m'malo ambiri uli pampopi.

Musaganize kuti mudzakhala munthu wodabwitsa. Ireland ili ndi mbiri yaitali ya odziletsa. Bambo Theobald Mathew anayambitsa ntchito yolimbana ndi uchidakwa ku Cork mu 1838 ndipo khwimbi la anthu linalumbira kusiya mowa. Mu 1898 Bambo James Cullen anakhazikitsa gulu la Pioneer, limene mamembala ake amavala kabaji ka Mtima Woyera pajekete. Ambiri a iwo ankakhala mu pub usiku wonse ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, kukamba za mpira ndi mitengo ya ng'ombe. Wina akakukakamizani, kunena kuti mukuyendetsa galimoto kapena mukulawirira ku ntchito kumathetsa nkhani. Kaya mpingo wanu umalola kulowa malo otere, imeneyo ndi nkhani ya inu ndi chikumbumtima chanu.

Za maraundi zimayenda bwanji?

Apa ndi pamene alendo ambiri amagwa, ndipo amagwa osadziwa chifukwa palibe amene amawauza.

Mukakhala pagulu, munthu mmodzi amagulira onse. Tambula zikatsala pang'ono kutha, wina amadzuka n'kugulira onse. Zimazungulira choncho mpaka aliyense atagulapo. Mukalandira chakumwa cha raundi ya wina, mwalowa m'pangano. Nthawi yanu ikafika dzukani nokha, musadikire kukumbutsidwa, ndipo dzukani tambula za anzanu zisanaume. Kupatsa n'kuika, ndipo ku Ireland mawu amenewa amawatsata kwenikweni.

Chosokoneza n'chakuti munthu wa ku Ireland, mukati mugule, adzakana. Adzati khalani pansi, adzakugwirani mkono, mwina mpaka kulimbirana nanu makina a khadi. Musakhulupirire. Kukanako ndi ulemu chabe, inu kakamirani. Munthu amene amamwa za anzake n'kuthawira kuchimbudzi kapena kutsanzika nthawi yake itakwana, samudzudzula pamaso, koma dzina lake limaipa ndipo silichira msanga. Kwathu zimachitika kuti amene zikumuyendera ndiye amagulira tebulo lonse usiku wonse, ena n'kumangothokoza kuti bwana mwatithandiza. Kumeneko ayi. Dokotala ndi wokolopa m'chipatala akakhala tebulo limodzi, aliyense amagula raundi yake. Kugula maraundi atatu otsatizana kuti anthu akuoneni kumawachititsa manyazi anzanuwo, sikukukwezani.

Musasinthe chakumwa pa raundi ya wina. Ngati pa ndalama zanu mumamwa painti, musaitanitse whiskey wodula poti akulipira ndi mnzanu. Okwatirana amawerengedwa ngati anthu awiri, osati mmodzi.

Vuto la mwambowu ndi loonekeratu: pagulu la anthu 6 mudzamwa mapainti 6, mufune musafune, ndipo mudzamwa pa liwiro la amene amamwa mofulumira kuposa onse. Njira yake ndi kukana poyambirira. Nenani kuti mungomwa imodzi ndipo mudzigulira nokha. Zimenezo n'zololedwa ndipo palibe amene amakhumudwa. Cholakwika ndi kulowa n'kutulukira pakati. Ngati mwalandira koma mukufunika kuchoka msanga, gulani raundi yanu musananyamuke, ngakhale inu musamwe nawo.

Pokweza tambula amati sláinte, kumveka ngati "slontcha". Ndi kufunirana thanzi.

Ndinyamule ndalama zingati? Nanga tipu?

M'ma pub wamba painti ya Guinness imakhala cha m'ma euro 6, kutsikirapo m'midzi, kukwererapo mu Dublin. Ku Temple Bar imafika ma euro 10. Mitengo imakwera pafupifupi chaka chilichonse, ndipo lamulo limafuna kuti ikhale yopachikidwa poonekera. Zotsitsa mtengo wa mowa kwa ola limodzi, zimene amazitcha happy hour, zinaletsedwa mu 2003, musazifunefune. Musayerekeze kuwerengera mu makwacha, mowa ungakuwawireni.

Pa kauntala tipu siyembekezeredwa. Ngati mwadya chakudya ndipo wina amakubweretserani patebulo, 10% ndi yabwino.

Ndingayambe bwanji kucheza ndi anthu osawadziwa?

Khalani pa kauntala. Kukhala patebulo ndi kunena kuti mukufuna kukhala panokha, ndipo adzakusiyani. Foni ikhale m'thumba. Yambani ndi nyengo: anthu a ku Ireland satopa kudandaula za mvula. Kenako mudzafunsidwa kumene mukuchokera.

Mukati Malawi, musadabwe wina akawalitsa maso. Ansembe ndi masisitere a ku Ireland agwira ntchito kwathu kwa zaka zambiri, makamaka a chipani cha St Patrick cha ku Kiltegan. Ambuye John Ryan, amene anasankhidwa kukhala episkopi wa Mzuzu mu 2016, kwawo ndi ku Tipperary. Mabungwe a ku Ireland a Concern ndi Trócaire ali ndi ntchito m'Malawi, ndipo Ireland inatsegula ofesi ya kazembe ku Lilongwe mu 2007. Achikulire ambiri anakula akuponya makobidi m'kabokosi ka Trócaire pa nyengo ya Lenti. Izi zili ndi mbali ziwiri. Mudzapeza wokuuzani za azakhali ake amene anali sisitere ku Africa, mudzapezanso amene amadziwa dziko lathu ngati la njala basi. Wachiwiriyu nthawi zambiri alibe mtima woipa. Muuzeni za nyanja ndi chambo, za tiyi wa ku Thyolo, adzamvetsera.

Chimene muyenera kukonzekera ndi kunyozana kwa nthabwala, kumene amakutcha slagging. Akayamba kukusekani za jekete lanu, timu yanu kapena mmene mumaopera kuzizira, ndiye kuti akulandirani. Zili ngati mmene asuweni amatukwanirana kwathu, wina osakwiya. Bwezani, koma modekha, ndipo yambani ndi kudziseka nokha. Chimene sapirira ndi kudzitama. Mukayamba za madigiri anu kapena nyumba imene mukumanga ku Area 47, adzakutsitsani msangamsanga.

Nkhani zina zisiyeni. Musanene kuti Ireland ndi mbali ya Britain, kapena kutcha munthu wa kumeneko Mngelezi. Mbali yaikulu ya chilumbachi inachoka mu ulamuliro wa Britain mu 1922 itamenya nkhondo. Za ziwawa za kumpoto, ku Northern Ireland, zimene zinatha ndi pangano la mu 1998, mverani okha akaziyamba. Musafunse munthu mpingo wake kapena malipiro ake, ndipo mu pub simolalikira.

Monga munthu wakuda, adzandilandira?

Nthawi zambiri inde. M'tauni yaing'ono mitu ikhoza kutembenuka mukamalowa, koma imatembenukiranso mzungu wa m'boma lina. Tisanamizane, tsankho liliko, ndipo zaka zaposachedwapa mawu odana ndi obwera akhala akumveka kwambiri, makamaka pa nkhani ya kusowa kwa nyumba. Munthu akaledzera akhoza kulankhula zopusa. Musalimbane naye. Uzani barman, poti wodziwa ntchito yake salola kuti kasitomala avutitsidwe m'nyumba mwake. Akapanda kuchitapo kanthu, malizani chakumwa chanu, ma pub ndi ambiri.

Lamulo la Equal Status Act la mu 2000 limaletsa kukaniza munthu chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, kulumala, kapena poti ndi mwamuna kapena mkazi. Madandaulo okhudza malo ogulitsa mowa amapita ku khoti lotchedwa District Court.

Mayi angapite yekha?

Angapite, ndipo palibe amene angamuganizire zoipa monga zimakhalira kwathu mkazi akaoneka ku bala. Amayi achikulire amakumana mu pub kudya nkhomaliro, atsikana amaonera mpira. Koma sizinali choncho kale. Mpaka m'zaka za m'ma 1970 ma pub ena ankakana kugulitsa painti kwa mkazi. Mtolankhani Nell McCafferty ndi amayi anzake analowa mu pub ina ku Dublin, aliyense n'kuitanitsa brandy, kenako anapempha painti imodzi. Atawakaniza, anamwa brandy uja n'kutuluka osalipira.

M'ma pub akale mudzaona kachipinda kakang'ono kotchinga ndi matabwa, kokhala ndi kazenera koyang'ana ku kauntala. Dzina lake ndi snug. M'menemo ndi mmene ankamwera amayi, ansembe, apolisi, ndi aliyense wosafuna kuonedwa. Masiku ano ndi malo olimbirana. Mukakapeza kopanda munthu lowani.

Ana amaloledwa?

Masana inde, ngati mwini pub walola. Mwana wosakwana zaka 15 ayenera kukhala ndi kholo, ndipo onse osakwana 18 ayenera kutuluka pofika 9 koloko usiku, kapena 10 koloko kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Mowa ndi wa azaka 18 kupita m'tsogolo. Ngati nkhope yanu ndi yachibwana nyamulani pasipoti kapena Garda Age Card, khadi lotsimikizira zaka zanu limene apolisi amapereka.

Chakudya chimapezeka?

Zimatengera pub. Zina zili ndi khitchini yathunthu: nyama ya nkhosa yophika ndi mbatata ya kachewere ndi karoti, nyama ya nkhumba ndi kabichi, nsomba ndi tchipisi, supu wa nsomba ndi buledi wofiirira wa soda. Lamulungu masana yang'anani carvery, kumene amakudulirani nyama yootcha mukuona n'kukuunjikirani mbatata ndi ndiwo zamasamba. Pa mtengo wake, chimenecho ndiye chakudya chokhutitsa. Tsabola mulibe, zolowerani. Khitchini zambiri zimatseka cha m'ma 9 koloko.

Zina zilibe kalikonse kupatula sangweji yootcha ya hamu, tchizi, tomato ndi anyezi, ndi mapaketi a Tayto, tchipisi touma ta tchizi ndi anyezi timene tinayamba mu 1954. Mukagula paketi pagulu, ing'ambeni yonse muiyale patebulo kuti aliyense atapeko.

Ndamva kuti mumakhala nyimbo. Ndilipira?

Nyimbo zachikhalidwe, zimene amazitcha session, n'zaulere. Oimba sakwera pa nsanja. Amangokhala mozungulira tebulo pakona, wina ndi vayolini, wina ndi chitoliro, wina akodiyoni kapena banjo, wina ng'oma yopyapyala yotchedwa bodhrán, mwamwayi wina ndi uilleann pipes, zitoliro zopopa ndi chigongono. Amaimbirana okhaokha, inu mwangopezekapo. Boma la Clare ndi lotchuka pa zimenezi, makamaka mudzi wa Doolin. Mu Dublin pitani ku Cobblestone ku Smithfield.

Musakhale pa mipando ya oimba ngakhale ili yopanda anthu. Musatole chida cha munthu. Musawaunikire kamera kumaso. Ife tinazolowera kuti ng'oma ikalira thupi liyankhe, koma apa kuomba m'manja motsatira nyimbo kumasokoneza oimba, dikirani amalize. Pamene zida zikulira mukhoza kumayankhula chapansipansi. Koma munthu mmodzi akayamba kuimba ndi pakamwa pokha, popanda chida, chipinda chonse chimakhala chete, ngakhale barman amasiya kugundanitsa matambula. Inunso khalani chete mpaka amalize.

Usiku ukakula akhoza kukupemphani kuti muimbe ya kwanu. Musakane kwambiri. Nyimbo ya Chichewa, ngakhale ya kusukulu ya pulaimale, idzalandiridwa bwino kuposa mmene mukuganizira, ndipo mawu okoma si ofunika. Ikhale imodzi yokha.

Masewera achilendo a pa TV aja ndi chiyani?

Ndi hurling ndi Gaelic football, oyendetsedwa ndi bungwe la GAA limene linayamba mu 1884. Osewera salipidwa, ndipo aliyense amasewerera boma la kwawo, n'chifukwa chake anthu amatentha nawo mtima chotere. Mu hurling amamenya kampira kolimba ndi ndodo yophwatalala. Kakalowa muukonde ndi mapointi 3, kakadutsa pamwamba pa mtanda ndi pointi imodzi. Mafainali amachitikira ku Croke Park mu Julayi. Funsani wokhala naye pafupi kuti akufotokozereni malamulo, mwapeza bwenzi la ola lathunthu. Mpira wa ku England umaonetsedwanso, ndipo a Liverpool ndi Manchester United ndi ochuluka ngati kwathu konkuno. Musapemphe kusintha tchanelo pamene achikulire akuonera mpikisano wa mahatchi, ena aikapo ndalama.

Fodya? Chimbudzi?

Kusuta mkati n'koletsedwa kuyambira pa 29 Malichi 2004, pamene Ireland inakhala dziko loyamba kuletsa fodya m'malo onse a ntchito. Osuta amapita panja kapena kuseri.

Pa zitseko za zimbudzi nthawi zina pamalembedwa m'chiyankhulo cha Irish chokha. Fir ndi amuna, Mná ndi akazi. Chilembo M chapusitsa abambo ambiri.

Potseka zimakhala bwanji, ndipo ndingayendetse galimoto nditamwa imodzi?

Nthawi ikayandikira barman amaitana maoda omaliza, mwina kuthimitsa ndi kuyatsa magetsi. Akatseka mpopi mumakhala ndi mphindi 30 zomalizira chimene chili m'tambula. Mudzamva nkhani za lock-in, pamene mwini pub amakhoma chitseko, kutseka makatani, anthu ake n'kupitiriza kumwa. Zimachitika, koma n'zosaloledwa ndi lamulo, ndipo sizipemphedwa.

Galimoto isiyeni kunyumba. Malire ndi mamiligalamu 50 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo kwa ophunzira, amene angolandira kumene laisensi, ndi oyendetsa galimoto zantchito ndi 20 okha. Painti imodzi ikhoza kukupyoletsani. Kuyambira 2018, wopezeka pakati pa 50 ndi 80 amalandidwa laisensi miyezi 3 n'kulipira ma euro 200. Apolisi a kumeneko, a Garda, amatchinga misewu ngakhale m'mawa, ndipo musayerekeze n'komwe kuwapatsa ya fanta. Thupi limatenga pafupifupi maola awiri kuchotsa painti imodzi, ndiye amene wamwa mapainti 5 mpaka pakati pa usiku n'kulawirira shifiti ya 7 koloko akhoza kugwidwa ali m'yunifolomu. Kwa munthu wokhala pa chilolezo cha sukulu kapena cha ntchito, mlandu wotere ukhoza kudzamutsata pokonzanso mapepala.

Eni ma pub a m'midzi amadandaula kuti malamulo amenewa, pamodzi ndi mowa wotchipa wa m'masitolo, awathera makasitomala. Kuyambira 2005 ma pub opitirira 2,000 atsekedwa m'dzikolo, ambiri a m'midzi. Ena mwa eni ake otsalawo amatenga okha galimoto n'kukatula makasitomala kunyumba akatseka. Mu Dublin muli mabasi ena oyenda usiku wonse, ndipo matakisi alipo ngakhale amavuta kupeza Loweruka usiku. Kumudzi funsani barman nambala ya takisi mutangofika, chifukwa mwina m'dera lonselo ilimo imodzi yokha ndipo dalaivala wake amagona msanga.